Banga la Pansi pa Khutu Langa

Fungo la fodya wouma likandipeza, ndimaona manja a agogo anga aamuna, aMwale, manja akuda ndi phula la masamba, akusoka fodya m'chigafa kwathu ku Chulu, uku nkhuku zikupalasa pansi ndipo utsi wa zinyalala zimene ndasesa ukulowa pakati pa mizati. Ndinkakhala nawo chifukwa amayi anakwatiwanso ku Chamama. Ntchito yanga inali yowapatsira masamba.

Inali nthawi ya makuponi a feteleza. Thumba limodzi la feteleza likafika, mabanja angapo ankagawana ndi mbale, moti agogo anazolowera kuthira wawo yense tsiku lomwelo, achibale asanabwere kudzapempha. "Chako ndi chimene chalowa m'nthaka," ankatero.

Ndili mu Sitandade 3 ndinatuluka chipere pansi pa khutu, chozungulira, choyabwa, chikukwera kutsaya. Agogo anaopa kuti chindiwononga nkhope, ndiye anandikweza panjinga mpaka kuchipatala. Kumeneko anamwino anatipatsa kachubu ka mankhwala opaka, nanena kuti tizipaka pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Agogo khutu limodzi silinkamva. Ine ndinamva, koma ndinali mwana wamanyazi, sindinabwereze.

Pofika kunyumba tinapeza aNabanda, oyandikana nafe, atamva kale.

"AMwale, mukatsaza mundigawireko. Ana anga nawonso chawagwira."

"Tiona," anatero agogo.

ANabanda atangotembenuka, agogo anandikhazika pamtondo, nafinya theka la chubu, n'kundimata ngati akumata khoma. Kenako anadula pulasitiki ya m'kati mwa thumba la feteleza, kuitsuka, kuiphimba pamwamba, n'kumanga ndi kansalu kuzungulira mutu, akuti kuti mphepo isadye mankhwala.

Dzuwa lisanapendeke, pamalopo panayamba kutentha ngati pagwera tsabola.

"Agogo, pakuwotcha."

"Ndiye kuti akugwira ntchito. Patsa masamba."

Mawa lake anamata theka lotsalalo. Tsiku lachitatu ndinadzuka tsaya litatupa, khosi likulemera. Agogo atamasula kansalu, pulasitiki inachoka ndi khungu, ndipo pansi pake panali pofiira, matuza ang'onoang'ono akutuluka madzi. Anayang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira mbande ya fodya imene yapsa ndi feteleza m'munda.

"Ndathira pafupi ndi tsinde," anatero.

Fodya wa tsiku limenelo anafota pamphasa osasokedwa. Tinabwereranso kuchipatala, ndipo ulendo uno anamwino analankhulira kukhutu lakumva.

"Agogo, mankhwala awa kunyereza pang'ono amanyereza, nthawi zina kuyabwa ndi kufiiritsa. Koma pakatupa kapena kutuluka matuza, mumasiya, kutsuka ndi madzi, n'kubwera kuno. Ndipo saphimbira. Chubu chonse masiku awiri? Munkafuna mukolole chiyani pamwanayu?"

Odwala pabenchi anaseka. Agogo sanaseke. Anavula chipewa, nafunsa kuti pang'ono ndi pang'ono bwanji. Anamwino anawaonetsa pansonga ya chala.

Bala litapola, tinalandira chubu china. Agogo ankasamba m'manja kawiri ndi sopo kuti phula la fodya lichoke, kufinya kadontho pachala, kukayang'ana padzuwa, n'kundipaka mosamala ngati akugwira dzira. Chipere chinatha mankhwala asanathe. Ana a aNabanda agogo anawatengera okha kuchipatala, awiri panjinga imodzi, ndipo pobwera anaima pakhonde la mayiyo akuonetsa nsonga ya chala.

"Chonchi basi. Mukapitirira apa muwotcha."

"Mwasanduka adokotala liti?" anafunsa aNabanda.

Agogo anangondiloza.

Chiperecho sichinafike pankhope, koma pamene panali pulasitiki panatsala banga lakuda, ndipo lilipo mpaka lero. Ndikamanga duku ndimalitsitsira mbali imeneyo. Agogo sanapepese ndi pakamwa. Kungoti mpaka imfa yawo, ndikamawapatsira masamba, ankakhala mbali imene bangalo likuonekera.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anatuluka chipere pamkono. Kuchipatala ndinapempha anamwino kuti abwereze kawiri. Tsopano m'mawa uliwonse ndimafinya kadontho pansonga ya chala, ndipo ndisanamupake ndimayamba ndakayang'ana padzuwa.