Ndinakama Nditavala Nsalu ya Abiti Yusufu

Ntchito yokama ng'ombe ndinaipeza chifukwa olemba anthu opita ku migodi ya ku Joni anandikana. Ndinayenda wapansi kuchokera kwathu ku Nselema mpaka ku Balaka, koma wolembayo anangondiyang'ana pachifuwa n'kunena kuti ndikadye kaye. Ndinabwerera mtima uli m'mwamba. Panyumba sindinkakhazikika, khasu ndinkaligwira ngati la mwini. Amalume atatopa nane ananditengera kwa Che Amidu, mlimi wa ng'ombe wa kufupi ndi dambo la Chiuta. Apo n'kuti asilikali athu atangobwera kumene kuchokera ku nkhondo yaikulu ija.

Alimi a ng'ombe a kumeneko, Asilamu ndi Akhristu omwe, anali pa mkangano wosatha. Che Amidu ankati njere za thonje za ku Balaka ndizo zimachulukitsa mkaka. A Namalima, mkulu wa mpingo, ankalumbirira makoko a nandolo osakaniza ndi gaga. Wina akatama ng'ombe yake, mnzake ankati luso ndi la wokamayo, osati chakudya. Mapeto ake anagwirizana okha, popanda mzungu kapena mlangizi: aliyense adyetse zomwe amakhulupirira, koma manja amodzi akame m'makola onse ndipo mkaka uyezedwe m'botolo limodzi. Manjawo anali anga.

Che Amidu anandiphunzitsa ndondomeko yake. Umayamba wamasula kamwana ka ng'ombe kuti kayamwe pang'ono, kenako umakakoka n'kukamanga pafupi ndi mutu wa amake. Miyendo yakumbuyo umaimanga ndi chingwe cha khonje, bere umalitsuka ndi madzi ofunda, ndowa umaipana ndi mawondo. Nsonga suikoka, umaifinya kuyambira kumtunda. Ukatha umasefa ndi kansalu koyera n'kuyeza m'botolo mwini khola akuona. "Bere limodzi ndi la kamwanako, usalikhudze," anandichenjeza motero.

Ntchitoyo ndinaidziwa msanga, koma sindinaikonde. Ndinkathamanga pa njinga yobwereka kuchoka khola ili kupita khola ilo, maganizo ali pa sitima ya ku Joni. Makola enawo ankayenda bwino ndithu. Limene linkandisowetsa mtendere linali la Abiti Yusufu, mayi wamasiye wa ana atatu, yemwe anali ndi ng'ombe imodzi yokha yofiira. Iwo ankaidyetsa masamba a mbatata ndi gaga, ndipo ankati akamakama okha ndowa imafika pakati. Ine ndikagwira, inkangodonthetsa timadontho, maso ali tong'o kundiyang'ana.

Mkaka umenewo ndi womwe ana aja ankamwera phala. Koma mchimwene wawo wa Abiti, Che Saidi, mwini mbumba, anali atamva kale zoti ng'ombeyo ndi youma. Ananena poyera kuti tsiku loyeza pamaso pa alimi onse, ikapanda kudzaza ngakhale botolo limodzi, aitengera kwa ogula nyama ku Ntaja.

Tsikulo linafika. Alimi anazungulira khola, Che Saidi chingwe chili m'manja. Ndinachita zonse mwa ndondomeko: kamwana kanayamwa, ndinamanga miyendo, ndinatsuka bere. Nditafinya, munalibe kanthu. Ndinafinyanso mpaka zala kuchita dzanzi, thukuta lili kamukamu, pansi pa ndowa pangonyowa chabe. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti ng'ombe ija ikupita ku mpeni kudzera m'manja mwanga.

"Achimwene, ndiloleni ndikame ndekha muone," anapempha Abiti.

"Iyayi," anayankha a Namalima. "Tinapangana manja amodzi. Tikasintha pano, zonse tayeza zija zagwa."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinkandiwawa. Che Saidi anayamba kutsegula chipata.

Apo Abiti analowa m'nyumba mothamanga, n'kutuluka atanyamula nsalu yakuda yakale, yomwe ankavala m'mawa uliwonse pokama. Inkanunkha utsi, mkaka wosasa ndi thukuta. Anandiponyera pamiyendo.

"Manja akhale omwewo," anatero. "Koma nsalu sitinapangane. Vala, mwanangu."

Ndinayang'ana azibambo aja, ena ndevu zotuwa, zikofiya kumutu. Mnyamata wofuna mgodi wa ku Joni, kumanga nsalu ya mzimayi pachifuwa anthu akuona! Miyendo inkafuna kuthawa, ndipo njinga inali pomwepo. Koma kamtsikana kakang'ono ka Abiti kanali kataima pakhomo ndi kambale kake, osalira, kungondiyang'ana. Ndinavula malaya, ndinamanga nsaluyo m'khwapa, mbali ina n'kufunda kumutu.

Kuseka kunabuka. Wina anakuwa kuti, "Abiti watsopano wafika, akufuna mwamuna!" Ine ndinangoweramira pansi n'kutsamiritsa mutu m'nthiti mwa ng'ombe monga ankachitira mwini wake. Abiti anaima kuseri kwa khola n'kumaitchula dzina chapansipansi. Ng'ombe inatembenuka, inanunkhiza phewa langa nthawi yaitali, kenako inayamba kubzikula. Bere linalemera m'manja mwanga. Mkaka unayamba kulira m'ndowa, ndipo kuseka kuja kunatha kokha.

Botolo linadzaza, tinakhuthula, linadzazanso. Che Saidi anakulunga chingwe chawo n'kuchoka osatsanzika.

Che Amidu sanasekerere nawo. Anagwira chibwano n'kufunsa kuti, "Nanga m'makola enawa, takhala tikuyeza zakudya kapena takhala tikuyeza kuti ng'ombe iti imamuzolowera mnyamatayu?" Kuyeza konse kunayambiranso, ndipo kuyambira pamenepo pa khola lililonse ndinkapeza chovala cha mwini chitapachikidwa pachipata: mkanjo kwa Che Amidu, jekete long'ambika kwa a Namalima, nsalu yakuda kwa Abiti.

Ndakhala m'makola zaka zambiri tsopano, ndipo chomwe ndinasunga n'chimodzi: ng'ombe ikamana mkaka, usafulumire kuiweruza, yamba wafunsa chomwe chasintha pafupi nayo. Yofiira ija inafa ndi ukalamba m'khola momwemo, ana onse atatu atakula. Ine ku Nselema mpaka lero nkhalamba zinzanga zimanditcha Abiti, ndipo ndimavomera.