Gulu Limene Silinkachita Manyazi Kunena Kuti "Sitikudziwa"

Ines anagwa pansi pakati pa mathandala oanikapo usipa ku Nkope, foni ili m'manja. Pagulu lina la pa Facebook, munthu anali atalemba pansi pa chithunzi cha mwana wa Ines kuti, "Kamtsikana aka kanamira powoloka mtsinje. Mzimu wake uuse mumtendere." Anthu ambirimbiri anali atayankha kale kuti "Amen".

Chinali chaka cha 2016, mfuti zitayambanso kulira kwawo ku Mozambique. Ines, mayi wamasiye wa ku Tete, anathawa ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Leticia, wa zaka zisanu ndi zitatu. Ali m'tchire anthu anabalalika, ndipo dzanja la mwanayo linapulumuka m'dzanja la mayi wake.

Anamufunafuna kumsasa wa othawa kwawo ku Mwanza, osamupeza. Wina anamuuza kuti ana ena anakwezedwa lole yopita kunyanja. Anatsatira mawu amenewo mpaka ku Mangochi, koma kunalibe lole, kunalibenso mwana. Anatsala ndi chitenje chimodzi ndi kachithunzi ka pa ubatizo.

Amene anamutola anali Ajira, mayi wa geni ya usipa. Anamupatsa ganyu woanika nsomba, malo ogona, ndipo ankamubwereka foni kuti azifunsa za mwanayo m'magulu.

Tsiku limene anagwa lija, Ajira anamudzutsa ndi kumusasa mchenga. "Achemwali, musayambe maliro ndi mawu a munthu amene simukumudziwa. Mtsinje wake uti? Anaona yekha? Mufunseni."

Ines anamufunsa munthu uja. Yankho linabwera lalifupi: "Ndinangomva." Atatero anayamba kukangana ndi anzake za mpira.

Ines anapukuta misozi. "Kumva kunandibweretsa kuno. Sikudzandipititsanso kwina," anatero. Kuyambira pamenepo anasiya kumeza chilichonse cholembedwa. Anayamba kuyang'ana mmene anthu amalankhulira m'gulu lililonse.

Gulu la pa Facebook lija linali lalikulu, ndipo mayankho ankabwera ngati mvula. Koma ena ankangoseka, ena kumufunsira, ena kumuuza kuti abwerere kwawo. Gulu lachiwiri, la pa WhatsApp, linali la anthu akwawo. Mmenemo ankamva kukoma kwa malankhulidwe a kumudzi, ndipo ankalira naye moona mtima. Vuto linali lakuti nkhani iliyonse inkathera pa mkangano wa amene anayambitsa nkhondo, komanso ankatumizirana zithunzi zoopsa zopanda dzina la malo.

Gulu lachitatu linali laling'ono ndiponso lozizira. Ankaliyang'anira ndi a Dyson, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Mwanza, amene makolo awo anasungapo othawa kwawo pa nkhondo yoyamba yapachiweniweni ya ku Mozambique. Aliyense wolemba nkhani ankamufunsa funso limodzi: "Mwaona nokha kapena mwamva?" Poyamba Ines ankanyansidwa nalo gululi. Iye ankafuna yankho, iwo ankangoti, "Sitikudziwa, koma tifunsa."

Kenako kunabuka mphekesera yakuti anthu onse a ku Mozambique okhala ku Nkope akukwezedwa m'malole kuti abwezedwe kwawo. Ines anaiwerenga ali ku Nkope komweko, akutembenuza usipa, popanda ngakhale njinga yodutsa. Pagulu lalikulu lija anthu ankalumbira kuti aona ndi maso. Pagulu la akwawo ankauzana kuti athawire kuphiri. Koma a Dyson analemba kuti, "Tisathamange. Alipo amene ali ku Nkope pano?"

Ines anayankha: "Ndilipo ine. Kuno kuli bata."

"Zikomo mayi, mwatithandiza," anatero a Dyson, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Ines anadziwa gulu loyenera kulidalira.

A Dyson anamuimbira foni. "Mayi, tiyesetsa, koma sindikulonjezani kanthu. Chinthu chimodzi chokha: ngati mwanayo ali ndi chizindikiro pathupi, musachilembe pagulu. Sungani mumtima. Tidzadziwira chimenecho kuti munthu akunena zoona."

Miyezi inapita. Mwera unaomba, usipa unasowa, kenako unabweranso. Kawiri konse kunapezeka mtsikana wofanana ndi Leticia, ndipo kawiri konse gululo linanena mosabisa kuti, "Si ameneyu." Nthawi iliyonse Ines ankalira, n'kudzuka m'mawa kupita kudooko. Anaphunzira kugula nsomba kwa asodzi, anamanga thandala lakelake, anagula kafoni kake.

"Inshallah, Mulungu akalola, adzapezeka," Ajira ankatero. "Koma adzapeze mayi wamphamvu, osati mafupa."

Tsiku lina masana, mayi wina wa m'gululo, Elina, wogulitsa tomato pa Zalewa, analemba kuti: "Banja lina la kutchalitchi kwathu likusunga mtsikana amene anamutola m'mbali mwa msewu chaka chatha. Salankhula kwambiri. Amati dzina lake ndi Tisha. Ndamuona ndekha."

Ines anasungabe chizindikiro chija mumtima. A Dyson anapempha Elina kuti akamuonenso mwanayo bwinobwino ndi kunena chilichonse chachilendo.

Mawa lake Elina anayankha: "Chala chaching'ono cha kuphazi lamanzere chilibe chikhadabo."

Ines anakuwa mpaka amayi onse a kumathandala anathamangira. Chikhadabo chimenecho chinazuka ndi khasu Leticia akuphunzira kumene kuyenda, ndipo sichinamerenso.

Ananyamuka ndi Ajira pa minibasi. Atafika pakhomo pa banja lija, kamtsikana katalikatali kanali kakutsuka mbale. Kanatembenuka, kanayang'anitsitsa, mbale n'kugwa.

"Mama, munachedwa," kanatero.

"Ndinachedwa, mwana wanga. Koma sindinasiye."

Lero Ines ali ndi mathandala ake ku Nkope ndipo amatumiza usipa mpaka ku Limbe. Leticia ali pasukulu. A Dyson atayamba kuvutika maso, anasiya gululo m'manja mwa Ines, mayi amene analowamo alibe ngakhale foni. Mabanja ena apezana kudzera mmenemo, ndipo ena akudikirabe.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali chimene mukufunafuna: m'bale, ntchito, mankhwala a mwana wodwala. Musayese gulu ndi kuchuluka kwa anthu kapena kufulumira kwa mayankho. Yang'anani ngati amafunsa kumene nkhani yachokera, ngati amalemekeza munthu wovutika, ngati amavomera akalakwitsa. Ndipo wina akakuuzani kuti zanu zatha, mufunseni kaye ngati waona yekha.

Choonadi chimayenda pang'onopang'ono, koma chimafika. Gwirani ntchito, funsani, dikirani. Osataya mtima!