Masewera Aatali a Atate

Bolodi lathu la chesi linali la pulaiwudi, mabokosi ake akuda opakidwa polishi wa nsapato, moti wosewera aliyense ankachoka zala zili bii. Linkakhala pa stulu pambali pa bedi la atate ku Kabwata, m'nyengo yozizira ija chifuwa chinawagoneka.

Nthawi yomweyo kunabwera ba ankolo, mng'ono wa atate, kuchokera ku Copperbelt, akuti kudzadwazika. Ankagona pabalaza ndipo sankatuluka m'nyumba. M'mawa maso awo ankayamba kulonjera firiji, kenako makina osokera a amayi, n'kumalizira wodwala. Koma chesi ankaidziwa, zimenezo sindingawamane. Ankaukira ngati minibasi yolimbirana okwera: hatchi kutsogolo, bishopu waperekedwa nsembe, mfumukazi yatuluka isanasambe n'kumaso komwe. Ine ndinkawasirira.

Atate ankatseka pakati ndi asilikali, n'kumasuntha mfumu bokosi limodzi, kenako kuibweza. Tsiku lina kangaude analuka ukonde pakati pa hatchi yawo ndi bishopu, anagwira ntchentche, analera ana mpaka anakula. Ndikulumbira, ndinalipo.

"Imwe ba kalamba, sewelani monga mwamuna," ankatero ba ankolo. Atate ankangotsokomola n'kukankha msilikali wam'mphepete. Ba ankolo sankatha kusiya masewera asanathe, choncho ankakhala m'chipindamo mpaka dzuwa kupendeka, chitseko chotseka kuopa mphepo. Munkanunkha mafuta opaka pachifuwa ndi tiyi wozizira.

Ndi m'masana amenewo mmene katundu wathu anayamba kudwala nayenso. Firiji inatuluka mwakachetechete pa wilibala kupita ku Libala, kwa mnzawo wa amayi wakutchalitchi, akuti kukakonzedwa. Mlungu wotsatira, makina. Ba ankolo akatuluka n'kufunsa, amayi ankagwada n'kunena kuti zinthu zamasiku ano sizilimba.

Ine ndinkachita manyazi ndi kaseweredwe ka atate. Tili awiri, ndinawafunsa chifukwa chake sankaukira, pamene ngakhale ine ndinkaona podyera mfumukazi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atalowa m'kati.

"Mwana wanga, nikawina mwamsanga, azanyamuka."

Ndinaganiza kuti amaopa kutsala okha.

Atate anamwalira mphepo ya Ogasiti itayamba. Titangochoka kumanda, abale awo anafika ndi lole kudzalanda katundu, ba ankolo ali kutsogolo, monga zinkachitikira akazi amasiye ambiri masiku amenewo. Anapeza mipando, bedi ndi makatani basi. Makina aja, atabwerako kumene amayi anawabisa, ndi amene anatilipirira sukulu ine ndi mlongo wanga.

Mpaka lero ndimasewera ngati ba ankolo, ndipo ndimaluza mofulumira, mwaulemu. Koma pamaliropo chimene chinkandiwawa, ine mwana, n'chakuti atate anapita osawagonjetsa ba ankolo ngakhale kamodzi. Sindinkadziwa kuti munthu angakhale tsonga maola onsewo, chifuwa chikumung'amba, akudziwa bwino lomwe kuti sachira.