Tsiku Limene Abiti Saidi Anasambitsa Azakhali

Ndinadzuka kusanache, amayi amene anagona pamaliro akadali m'zitenje pakhonde. Azakhali anga anali atamwalira dzulo lake, ndipo mwa Chisilamu tinayenera kuwaika dzuwa likangopendeka. Anansi anasonkha moto kuseri kwa nyumba, koma ine mtima unali m'mwamba. Funso linali limodzi: adzawasambitsa ndani?

Azakhali ankaphunzitsa pa yunivesite ku Lusaka. Moyo wawo wonse anafufuza za amayi Achisilamu a kuno ku Kasanda: mmene amaperekera sadaka, mmene amadwazirana, mmene amaphunzitsirana kuwerenga. Koma m'buku lina analembamo zonse zochitika m'chipinda chosambitsira maliro, zimene sizinenedwa kunja. Abiti Saidi, mkulu wa osambitsa, analeka kuwapatsa moni kuyambira pamenepo. Abiti akanakana, palibe mayi wa kuno amene akanakhudza thupilo.

Kutacha anthu anayamba kukhamukira. Njinga zochokera ku Natuseko ndi ku Chililalila zinadzaza mpanda, fumbi lili koboo. Aphunzitsi a ku Lusaka anatsika m'galimoto ndi nkhata zamaluwa, n'kusowa pozisiya, poti pamaliro a Chisilamu sitiika nkhata. Ndinaseka ngakhale ndinali pachisoni. Sanda yokulungira thupi inafika, jeneza lonyamulira maliro linafika, dzuwa linakwera, koma Abiti osaoneka.

Kenako amayi anayamba kupatuka pachipata. Anali Abiti, ndowa m'manja! Ndinathamanga osavala n'komwe nsapato.

“Iwe, leka kulila, leta manzi,” anatero. “Aunt bako benze kuyangana chabe na kulemba. Iwe lelo uzagwila thupi.”

Ndinalowa nawo. Zimene tinachita m'menemo sindilemba pano.

Amuna ananyamula jeneza mothamanga, akulandizana paphewa, mpaka mzere unakhota pamsika. Ife amayi tinatsala pachipata monga mwa mwambo. Ndinanyadira kwambiri kuona Kasanda yense ali pambuyo pa azakhali.

Madzulo nyumba inali zii. Abiti okha anatsala, akupinda mikeka. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa amene anawawerengera buku lija.

“Ninabelenga neka. Si beve bananipunzisa kubelenga?” Anayedzeka mkeka kukhoma. “Banalemba vazoona vonse, ndiye chinanibaba. Manje nizakangana na ndani?”

Anakhala pampando wa azakhali n'kuyamba kulira, koyamba tsiku lonselo.