Nsalu Yoyera Padoko la Luweya

Pa 14 Julayi 1951 ndi pamene ndinamuona koyamba Nellie, anzanga. Tinali m'bwato limodzi powoloka Luweya, iye atanyamula dengu la ufa wa kondowole, ine nditakakamira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse awiri. Kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri. Madzi ndimawaopa.

"Mwe uli?" anandilonjera m'Chitonga.

Ine kukamwa yasa.

"Uyu Chitonga sadziwa, kusambira sadziwa," anatero Ada Mizeck, mwini bwato, akupalasa. "Mtenge iwe Nellie, ukamlere."

Onse m'bwatomo anafa nalo phwete. Nellie sanaseke. Anandipatsa chinangwa chophika kuti dzanja limodzi lipeze china chogwira.

Chaka chotsatira tinadalitsa ukwati, kenako anabadwa Rodgers.

Ine ndimagwira ntchito pa esiteti ya mphira, tsidya la kumpoto kwa mtsinjewo. Timacheka khungwa la mitengo kuti utomoni udonthere m'kapu. Dzuwa likakwera utomoni umaleka kutuluka, ndiye ukachedwa kapitawo salemba tikiti, tsikulo sulipidwa.

Pafupi ndi esiteti panali chipinda cha lendi, mashiling'i anayi pamwezi. Tsidya linalo amalume ake a Nellie anatipatsa malo aulere, munda wa chinangwa uli pomwepo.

"Titenge chipinda chija, bambo a Rodgers," anatero Nellie. "Ndi chaching'ono inde, koma tizionana."

"Mashiling'i anayi ndi bulangete la mwana. Miyendo ndili nayo, siifuna lendi."

"Nanga mtsinje?"

"Ada Mizeck alipo."

Ndinadula mitengo, ndinamanga.

M'chilimwe zinkatheka. Ndinkanyamuka tambala woyamba, kubwera madzulo mapazi atatupa. Pochoka Rodgers ali m'tulo, pobwera ali m'tulo. Lamulungu lina ndinamunyamula, analira ngati wagwidwa ndi mlendo. Ndinaseka, n'kumubwezera kwa mayi ake.

Mvula itayamba, Ada Mizeck anakana kuwolotsa munthu kusanache.

"Ng'ona sizidziwa za tikiti yako, mkamwini."

Ndiye ndinayamba kugona pansi kwa mnzanga ku malayini a esiteti, kunyumba Loweruka lokha. Tinapangana ndi Nellie kuti tsiku lililonse azipachika nsalu yake yoyera pa mtengo wa mango wa padoko. Ine ndikaweruka ndinkayenda mpaka kumtsinje. Ndikaiona nsaluyo kutsidya, ndiye kuti onse ali bwino. Ndinkabwerera, kukagona.

M'Malichi chaka chino Luweya anadzaza. Madzi ofiira, akukokolola nthochi zathunthu ndi mbuzi yakufa. Bwato linakokeredwa kumtunda.

Ndinafika padoko, kuyang'ana pa mango... palibe nsalu.

Ndinati mwina ndi mphepo. Mawa lake ndinathamangirako ndisanatsuke ndi m'manja momwe. Palibe.

Anzanga, ndinakuwa dzina la Nellie mpaka mawu anatha. Mtsinje unkangowameza. Ndinakhala pansi m'matope.

Ndinapita kwa Ada Mizeck, amene amakhala tsidya lathu la esiteti.

"Ndiwolotseni, Ada."

"Wapenga? Madzi awa angakhale mvuu yathawa."

"Ndikupatsani paundi."

"Uli nayo?"

"Ndilibe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga nkhafi.

"Gona chafufumimba m'bwatomo. Ukadzutsa mutu ndikuphwanya nayo iyi."

Sindinaone kanthu. Ndinkangomva zitsa zikugunda pansi pa chifuwa changa, madzi akulowa m'kamwa, mkuluyo akuimba nyimbo ya kutchalitchi mwakachetechete. Tinakatsamira m'bango kumunsi kwenikweni.

Kunyumba ndinapeza chitseko chomanga ndi luzi. Phulusa lozizira. Kamphasa ka Rodgers kali pakati pa nyumba, konyowa.

Mayi wina woyandikana nafe anandipeza nditangoima.

"Mwana anakomoka ndi malungo. Mkazi wanu anamubereka n'kupita naye wapansi kuchipatala ku Chintheche."

"Ali moyo?"

"Pochoka anali moyo."

Msewu umenewo sindiukumbukira. Ndimangokumbukira khonde la chipatala, Nellie atakhala pansi, miyendo ili matope okhaokha. Kumbuyo kwake Rodgers, m'nsalu yoyera ija, tsopano yofiira ndi dothi. Ndinaika dzanja pamsana pake. Ankapuma.

Pamenepo m'malo mothokoza, pakamwa panga panatuluka zopusa.

"Bwanji sunapachike nsalu?"

"Ndikanamuberekera chiyani?"

Ndinakhala pansi pambali pake.

"Ndinaima padoko paja mwana akuphupha m'manja," anatero motsitsa mawu. "Ndinakuitanani. Maso ake atatembenuka, ndinakuitanani. Amalume anali kunyanja. Ndinayenda ndekha, ndikumamugwedeza kuti ndimve ngati alira."

"Sorry, Nellie. Titenga chipinda chija. Mwezi uno womwe."

"Tengani."

"Ndiye tisamuka liti?"

"Ine ndikupita kwa amayi ku Kande. Kumeneko munthu ukakuwa, wina amabwera."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Chipinda ndinachitenga, anzanga. Ndi muno ndikulembera. Ndinagula mphasa ziwiri, ina idakali yopinda pakona. Nyumba yaulere ija chiswe chayamba kudya mitengo.

Loweruka lililonse ndimawoloka, kuyenda mpaka ku Kande. Nellie amagwada, kundilonjera "mwe uli" ngati tsiku loyamba lija m'bwato, kenako amalowa m'nyumba. Rodgers wachira, akuyenda, koma akandiona amabisala kumbuyo kwa mtondo. Ndamva kuti amalume ake a Nellie akufuna tikhale pansi mwezi wamawa. Nkhani yake sanandiuze, ndipo ndikuopa kufunsa.

Amene mukufuna malo omanga, musawerenge lendi yokha ngati ine. Imani pakhomopo, mukuwe, muone ngati mawu afika komwe mumagwira ntchito.

Pa paundi ija Ada Mizeck ndawapatsako mashiling'i asanu ndi atatu. Atsala khumi ndi awiri.