Kope la Tiwonge

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene adokotala a ku Boma anandipatsa ntchito yomwe imandiluma mumtima mpaka lero. Mlongo wanga Tiwonge ankadwala mphumu. Nyengo yosankha fodya ikafika kwathu ku Manyamula, m'chifuwa mwake munkalira ngati wezulo.

Adokotalawo ankafuna kuona ngati timapilitsi tachikasu, tija amamwa anthu akatuluka ziwengo, tingamuthandize kupuma. Anatipatsa kachubu kokhala ndi kamuvi. Tiwonge ankayenera kuuziramo mwamphamvu m'mawa ndi madzulo, ine n'kulemba m'kope pomwe kamuvi kaima, poti pakhomo wodziwa kulemba ndinali ine ndekha.

"Manambala akapanda kukwera, mwanayu adzagonekedwa kuno," anatero.

Tiwonge ankaopa chipatala kuposa njoka. Timapilitsito tinkangomuwodzeretsa, kamuvi osasuntha. Tsiku lachitatu anauzira mpaka misozi kutuluka.

"Ndapota adumbu, kuchipatala yayi," anandinong'oneza ine mlongo wake.

Ine kusukulu ndinazolowera kuti nambala yochepa ndi kulephera, ndipo sindinafune kuti mlongo wanga alephere. Ndinalanda kachubu n'kuuzira ndekha. Kamuvi kanathamanga, tonse tinaseka. Masabata awiri athunthu wouzira ndinali ine, ndipo ndinkakweza manambala pang'onopang'ono kuti zisaonekere. Ndinkadziona wochenjera, chitsiru ine.

Adokotala ataona kope anamwetulira. "Mankhwalawa amuyanja. Mubwere naye mwezi wamawa."

"Yewo chomene," anatero adada akuwomba m'manja. Ndiye poti mwana wachira, Tiwonge anabwereranso m'chigafa kukathandiza kumanga fodya, m'fumbi loyetsemulitsa lija. Ndinaona, koma ndinatseka pakamwa poopa chikoti.

Lachisanu lina masana anagwa pa mulu wa fodya, milomo itada. Adada anamukweza panjinga, koma ku Boma sanafike naye wamoyo.

Ndazindikira ndili wamkulu kuti kachubu kaja sikanali mayeso a kusukulu. Adokotala ankafuna kumva zomwe chifuwa cha mwana chinkanena, ine n'kuyankha m'malo mwake. Chifundo changa chinamutsekera thandizo. Ndimachita manyazi, komanso ndimamusowa.

Palibe anandiloza chala. Amama anasunga kopelo pansi pa sutikesi mpaka tsiku lawo lomaliza. Nthawi zina ankalitulutsa, n'kusisita manambala omwe sankatha kuwerenga.

"Mpweya wa mwana wanga uli umu," ankatero.

Sindinawauze kuti unali wanga.