Dzino Limene Mwana Wachinayi Sanatenge

Kwathu ku Nathenje tinkadziwa tonse kuti mwana aliyense amapita ndi dzino limodzi la mayi ake. Palibe ankatsutsa, poti umboni unali mkamwa mwa mayi aliyense woseka pamjigo. Ine ndinabereka atatu, ndipo mano atatu akumbuyo anapitadi.

Pathupi pachinayi panabwera ndi ukali wake. Nkhama zinatupa, ndikangokhudza ndi mswachi malovu ankatuluka ofiira. Ndinachita zanzeru za kwathu: ndinasiya kutsuka mano, poti chilonda sachikanda. Kukamawawa ndinkatsina fodya wa m'chigafa n'kutsindira pomwepo. Koma ulendo uno dzino logwedera linali lakutsogolo, lapamwamba, ndipo ine ndinkaimba mzere woyamba m'kwaya. Sindibisa, ndinkachita mantha.

Tsiku lina ndinapita kumsika wa Mitundu kukagula nsalu zolandirira mwana. Wogulitsa anali mayi wachikulire wachisilamu, imvi zikusuzumira pampango. Ndinawapeza akusenda nzimbe ndi mano, mfundo ndi mfundo, ngati mtsikana. Ndinangoti kukamwa yasa, zansalu n'kuiwala.

"Mwanawe, ukugula nsalu kapena mkamwa mwangamu?" anandifunsa.

"Pepani mayi. Kodi ana munabereka?"

"Asanu ndi anayi."

"Nanga manowo ndi anu?"

"Ndikanabwereka kwa ndani?"

Anayasamula kuti ndidzionere ndekha. Ndinayang'ana m'mwamba, ndinayang'ana m'munsi, mpata osaupeza. Mano oyera, othithikana ngati chimanga chokhwima bwino. Chibadwire ndinali ndisanaonepo mayi wa ana asanu ndi anayi ali ndi mano onse, ndipo sindinkadziwa kuti zoterezi zimatheka pansi pano.

Anatulutsa kamtengo kotafunidwa kunsonga, konga katsache. Anati amatsukira mano asanapemphere, kasanu pa tsiku, kuyambira ali mwana. Nditawaonetsa nkhama zanga anapukusa mutu.

"Magazi akamatuluka m'pamene uyenera kutsuka, koma mofatsa. Munda ukachuluka udzu umaleka kupalira? Ndipo ukapita kusikelo uwauze akutumize kwa dokotala wa mano."

Ine ndinkayesa chipinda cha mano n'chozulira basi, choncho ndinalowamo nditatsanzikana kale ndi dzino langa. Dokotala wake anali mayi wamsinkhu wanga. Sanazule. Anayamba kupala m'mphepete mwa nkhama ndi kachitsulo, ndipo ndinamva tizidutswa tolimba tikugwera palilime. Ndinamugwira dzanja.

"Adokotala, mukundiphwanyira mano."

"Ayi mayi, taonani."

Anandionetsa timiyala tofiirira pa kansalu koyera. Anati n'zotsalira za mkamwa zimene zinauma n'kumatirira, ndipo n'zomwe zinkadya nkhama mpaka dzino kusowa pogwira. Pathupi pamangofewetsa nkhama, koma mwana alibe mlandu. Ndinayendetsa lilime kuseri kwa mano n'kupeza timipata tosalala timene sindinkatidziwa. Mkamwa mwanga momwe, koma ndinali mlendo. Za dzino logwedera sanalonjeze kanthu. Anangoti ndizitsuka m'mawa ndi pogona ndi mankhwala otsukira mano, fodya uja ndimuleke, ndipo tidzaone.

Sabata yoyamba magazi anapitirira, apongozi n'kumati ndikudzivulaza dala. Ndinaumirira. Yachiwiri isanathe malovu anayera. Dzino ndinkaliyesa ndi chala m'mawa uliwonse, mwina n'kulisokoneza ndi kuliyesako.

Mwana anabadwa mvula itayamba. Mondokwa woyamba atakhwima ndinaotcha mmodzi, ndinamutembenuza kangapo m'manja, kenako ndinaluma ndi lakutsogolo lomwelo. Linagwira nji. Ndinakhala pakhonde, misozi ili m'maso, ndikutafuna.

Mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, anali pambali akundiyang'ana. Kuyambira ali wamng'ono ndinkamuseka pomulozera mpata wa dzino wakumanzere mkamwa mwanga kuti, "Apa ndi pako." Ndinkayesa ndi nthabwala chabe.

"Amayi, ndiye dzino lija sindinatenge ndine?"

"Ayi mwana wanga, sunatenge ndiwe."

Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi.

"Mukamalephera kutafuna nyama ndinkasiya yanga dala," anatero. "Ndinkaona ngati si bwino kuti ine ndizidya."